Mutu wanga pakhoma ku Chipata

Ana anga, mwaswera bwanji nonse?

Lero mpongozi wanga ananditengera kuchionetsero cha zithunzi ku Chipata. Ndingolowa chonchi, ndine uyo pakhoma, wamkulu ngati chitseko! Ndi chija anandijambula mtsikana wa kamera ndikukumba mtedza ku Kasenengwa, kumutu kopanda duku, imvi zili mbuu.

Kucheuka, abusa athu akulowa ndi akazi awo. Ndinavula duku msangamsanga n'kuphimba mutu wa pachithunzipo.

Mwamuna woyang'anira zithunzi anakuwa, "Agogo, sitigwira!"

Ndinati, "Bambo, mutuwu ngwanga."

Abusa anandipatsa moni mwaulemu ndithu, koma maso ali pa imvi zenizenizo. Ndinaveka chithunzi, mwini wake n'kutsala mutu pamtunda!

Tsopano tandiuzani: Lachinayi ndipite kumapemphero a amayi, kapena ndidwale?