Mapichesi a Pansi pa Antena

Mitengo ya mapichesi ya amayi idulidwa chaka chino. Yalamula zimenezi ndi kampani yomwe tsopano ndi mwini wa antena ya mafoni imene ili pamunda wathu, kumtunda kwa Fonte Boa.

Antenayo inabwera ine ndili ku sekundariya ku Ulongwe. Anthu a kampani anafika pagalimoto nafunsa mwini nyumba, ndipo anawalozera bambo. Bambo anali mkamwini. Anachokera kutsidya kwa mtsinje kudzakhala kwa mkazi wawo, ndipo mundawo unali wa amayi, wowasiyira amayi awo. Alendowo sanafunse zimenezi, bambonso sananene. Anali munthu wophunzira ku mishoni, ndipo ankakonda kuti anthu aone mmene amalembera dzina lawo. Tsiku limenelo amayi anali kudimba.

Mu kontratu, pepala la mgwirizano limene bambo anasaina tsikulo, munali chiletso chimodzi chachikulu: pamalo ozungulira mpanda wa antena pasamangidwe nyumba, pasadzalidwenso mtengo. Amayi anauzidwa madzulo. Anangoti, "Ndamva," ndipo dzinja lomwelo anadzala mapichesi kutsata mpandawo, chifukwa dothi limene anafukula omanga linali lofewa.

Kwa zaka zambiri palibe anadandaula. Amisiri obwera kudzakonza antena ankathyola zipatso, zina n'kunyamula m'matumba kupita nazo ku Tete. Zotsala amayi ankakagulitsa ku Kalomwe m'madengu. Bambo anamwalira mitengo itangoyamba kubereka.

Kenako kampaniyo inagawanika pawiri. Ina inatenga makasitomala ndi malonda a kredito ya m'mafoni. Inayo inatenga ma antena, malo ake ndi mapepala onse akale, ndipo inayamba kuwawerenga. Inatuma mnyamata wa chipewa cholimba, amene anayeza malowo ndi chingwe n'kupaka utoto wofiira pamtengo uliwonse.

"Mayi, mitengo iyi ili pamalo oletsedwa."

"Analetsa ndani, bambo?"

"Amuna anu anavomera."

"Amuna anga munda wawo uli kutsidya uko. Kayezeni kumeneko."

Amalume, mchimwene wa amayi, anali atakhala pachitsa akusenda nzimbe. Anati, "Alamu anga aja ngakhale mbuzi ankapempha kaye asanagulitse. Koma atangoona cholembera, anasanduka mwinimbumba." Palibe anaseka. Mnyamatayo anamaliza kupaka, natsazika mwaulemu.

Ntchito yanga ndi yolemba nkhani, choncho abale anati ndipite ndine. Ku Ulongwe, m'kasitolo kamene kadakali ndi utoto wa kampani yakale, mtsikana wogulitsa anandiuza kuti iwo za antena sizikuwakhudzanso. Ndinakwera shapa, minibasi ya ku Tete. Kumeneko, ku ofesi ya kampani ya ma antena, ndinadikira pabenchi m'mawa wonse mpaka anandilowetsa kwa mkulu woyang'anira za malo, bambo wa imvi wolankhula Chinyanja cha kwathu konkuno. Ndinamufotokozera zonse motsatana: nthaka ndi ya boma, wolimapo kuyambira kale ndi amayi, amene analemba dzina sanali mwini munda, ndipo kampani yakale inaiona mitengoyo zaka zonsezi osanena kanthu.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Achimwene, inenso ndine mkamwini. Kwa apongozi anga sindingadule ngakhale nthochi. Koma pano pali dzina la bambo anu, ndipo akulu anga amawerenga dzinalo."

Ndinafunsa ngati mitengoyo ikusokoneza mafoni. Anati ayi, ndi yaifupi kwambiri. Ndinafunsa chifukwa choidulira. Anati kampani yatsopano ikufuna kuti malo ake onse akhale monga mmene zinalembedwera, kuti ikamabwereketsa ma antena kwa makampani ena pasakhale chofunsa. Anawonjezera kuti tikhoza kukadandaula ku boma, koma lamulo lodula siliima podikira yankho. Dandaulolo ndinakapereka. Yankho silinabwere.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza amayi akupalira pansi pa mitengo yopakidwa utoto ija. Ndinawauza zonse mmene ndinazimvera. Sanaleke kupalira. Anangofunsa ngati zipatso za chaka chino zili zawobe, ndipo ndinati inde. Ine sindinamve mkwiyo kapena chisoni. Ndinatola khasu lina n'kuyamba mzere wachiwiri.

Mapichesi tathyola onse, ngakhale osapsa bwino. Mvula yatsala pang'ono kutha. Msewu wokwera kumunda ukauma, galimoto ya kampani ikuyembekezeka kubwera ndi anthu a macheka.