Polandi wa Che Blackson

Che Blackson sanapitepo patali kuposa ku Liwonde, koma kuno ku Lungwena wofuna kudziwa za ku Polandi amapita kwa iwo. Ali mnyamata ankaphikira namwino wachizungu wochokera m'katauni kena ka dzikolo. Mayiyo akasowa kwawo ankalongolola kukhitchini, iwo akusenda mbatata khutu lili tcheru. Lero amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ndipo kwa iwo Polandi yense ndi katauni kamodzi kameneko.

Amuna anga, bambo a Sefu, atanena kuti akufuna kusiya bwato kukasosola nkhuku ku Polandi, mtima unandithawa. Sefu anali asanayambe n'kukwawa komwe. Ndinawotcha chambo chachikulu, n'kukawapempha Che Blackson kuti awaopseze.

Ntchito anaigwira. Akupopa tayala la amuna angawo, anawauza kuti katauniko kanali ka Ajeremani, kenako malire anasuntha anthu ali m'nyumba zawo. Agogo a namwino uja akuti anabadwira dziko lina n'kumwalirira dziko lina, pabedi lomwelo. Nyanja iliko, koma nthawi yozizira imauma gwa, msodzi n'kumayenda pamwamba pake, kuboola kadzenje, kukhala pa chidebe kudikira kansomba kamodzi.

Bambo a Sefu anabwera ali ndwii. Ine chamumtima, Alhamdulillah.

Sabata yotsatira ndinawaona Che Blackson akunyambita kampango. Ine kampango sindinawapatse. Tsiku lomwelo amuna anga anayamba kundiuza za maapozi ogwera mumsewu opanda wotola, za mtsinje wodutsa pafupi ndi msika, za tchalitchi cha njerwa chimene nkhondo ziwiri zinachilephera.

Ndinabereka mwana, ulendo ku mtengo wa mango.

"Che Blackson, kodi inu muli mbali iti?"

"Mayi a Sefu, tauni ija ili ndi nyengo ziwiri. Inu munagula yozizira, amuna anu agula yotentha."

Ndinatembenuka kuti aone amene ali kumsana. Anaika sipanala pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti mwamuna amene akufunsabe mafunso sakwera ndege, ndipo ntchito yawo n'kuonetsetsa kuti mafunsowo asathe.

Bambo a Sefu akadali pano. Pasipoti ili m'sutikesi, ndimaisuzumira m'mawa uliwonse. Dzulo anapita ndi usipa ku mtengo wa mango kukafunsa ngati kumeneko kuli mzikiti. Mawa ndi tsiku langa. Che Blackson akuti za mimbulu ya m'nkhalango ya kuseri kwa katauniko sanayambe n'komwe, koma imeneyo ndi nkhani ya chambo ziwiri.