Mpira Umene Alamu Anandipatsa

Alamu anga, akazi a achimwene, ndi aafupi moti achimwene anachita kudulira miyendo ya mpando kuti phazi lawo lizifika pa chopondera cha makina osokera. Koma munthu ameneyu ndiye anayendetsa timu yathu ya basiketibolo kwa zaka zisanu ndi zitatu. Pabwalo panalibe wowatchula telala. Tonse tinkati a Singano, chifukwa mpira wawo unkadutsa pamene iwe sukuonapo mpata.

Ntchito yawo inali yotenga mpira kumbuyo, kukwera nawo, n'kusankha kuti aponye okha mumkombero kapena apatsire wina. Kuponya ankatha, asakunamizeni munthu. Koma anali ndi lamulo lawo limene linkawameretsa imvi akochi: amene waphonya, mpira wotsatira ndi wake. Ankati munthu ukamumana mpira atangophonya, manja ake amazizira mpaka masewero kutha. Timu yonse ikazizira, apo ndiye ankagoletsa okha kawiri katatu, kenako n'kuyambiranso kugawa. Ine, wamtali ngati nsungwi koma wa manja oterera, ndinkapulumukira lamulo limeneli.

Chaka chimene alamu anakwanitsa zaka makumi atatu, kunabwera bambo wina wochokera ku timu yaikulu kudzafuna wosewera mmodzi. Tonse tinkadziwa kuti wadzera a Singano, komanso kuti pa msinkhu umenewo mwayi wotere sudzabweranso. Masewero asanayambe, akochi anawakokera pambali.

"Mayi, lero dyani nokha," anatero akochi. "Bambo aja akuwerenga zigoli, sakuwerenga ulemu."

Alamu anangogwedeza mutu, n'kumanga zingwe za nsapato.

Chigawo choyamba anamvera. Anagoletsa kasanu ndi kawiri, kwina ali kutali kwenikweni, ndipo bambo uja, atakhala pa benchi padzuwa, ankangolemba m'kabuku. Ine ndinaphonya katatu motsatizana, kachitatuko mpira osagunda ngakhale mkombero. Ndinafuna kulowa pansi.

Kutatsala masekondi asanu ndi atatu, tinali kumbuyo ndi poyinti imodzi. Alamu anamuzemba wowatchinga, nafika pamalo pamene sankaphonyapo kawirikawiri. Adani awiri anawathamangira, mmodzi mwa iwo ndi amene ankanditchinga ine. Alamu anadumpha maso ali kumkombero. Mpaka lero sindidziwa kuti mpira unadzera pati. Ndinangoupeza uli m'manja mwanga, ine ndili ndekhandekha pansi pa mkombero, ndipo unabwera mofewa ngati akundipatsira khanda. Ndinauika. Tinapambana.

Bambo uja anatenga ine. Anati kutalika sikuphunzitsidwa, ndipo wosewera woti saopa pa sekondi yomaliza ndi wosowa. Ndinapsa mtima moti ndinalephera kuthokoza. Munthu wamaso awiri, kabuku m'manja, osaona chimene bwalo lonse linaona.

Ndinapitabe, poti alamu ndi amene anandilongedzera chikwama. Kumeneko ndinakhalako chaka chimodzi. Ukaphonya kamodzi, mpira sunkauonanso, ndipo manja anga anazizira monga momwe iwo ankanenera. Ndinamaliza chaka ndili pa benchi, n'kubwerera kwathu.

Ndinawapeza akupinda mpendero wa yunifolomu ya sukulu, mapini ali kukamwa. Mawondo anali atayamba kuwavuta, ndipo anali atasiya kusewera. Ndinakhala pa mpando wa makasitomala, ndipo funso limene ndinalisunga chaka chathunthu linatuluka lokha.

"Alamu, tsiku lija mukanaponya, ukanalowa?"

Anachotsa mapini mmodzimmodzi n'kuwabaya pa kapilo.

"Mwina. Pamalo paja, ndikaponya kakhumi, kasanu ndi kawiri unkalowa."

"Nanga munandipatsiranji? Malo aja anali anu."

"Iwe pamene unaima paja mpira unkalowa kasanu ndi kanayi, mlamu. Komanso unali utangophonya."

Ndinawayang'ana, kufuna kuona ngati zikuwawawa. Ndikhulupirira zinkawawawa, chifukwa anatenga nthawi kulowetsa ulusi pa singano, ntchito imene amachita osayang'ana. Ine ndinasewerapo ndi anthu otchuka, koma sindinaonepo wina amene m'sekondi imodzi, ali m'malere, angayeze mwayi wake womaliza ndi wa timu, n'kusankha osanjenjemera.

"Gwira apa nsaluyi isakokeke," anatero alamu.

Ndinagwira. Inandipulumuka kamodzi, ndipo iwo anaona, koma sanandilande nsaluyo.