Khomo Lakutsogolo

Bambo oyandikana nane nyumba ku Roysambu, kuno ku Nairobi, samwa khofi ngati ife. Amayamba anunkhiza kaye, kenako n'kupukusa mutu. "Uyu anamuyanika mothamanga, amayi," amatero.

Kwawo ndi ku Thyolo. Anafika mu Nairobi mu 1957, n'kulowa ntchito m'nyumba yakale ya amalonda pafupi ndi siteshoni ya sitima, momwe azungu ankagulitsirana khofi pa okushoni. Nyumbayo amaifotokoza ngati tchalitchi: makoma a miyala yosema, nsanamira zinayi pakhomo, ndi mawindo ataliatali kuti ogula aziona bwino maonekedwe a khofi. Iwo ankanyamula timbale ta khofi woonetsa ogula, ndipo antchito akuda ankalowera kumbuyo. Ngakhale ufulu utabwera, miyendo yawo inkangowatengera komweko.

Mwezi wamawa akubwerera kumudzi. Choncho pa 8 Meyi chaka chino cha 2004 anavala suti n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Ankafuna kulowera khomo lakutsogolo kamodzi kokha asanachoke.

Tinapeza khomolo atalitseka ndi njerwa, ndipo pamasitepe panali kashopu ka mafoni.

"Mzee, pita nyuma," anatero mlonda m'Chiswahili, akuloza kanjira kakumbuyo komwe aliyense akulowera masiku ano.

Bambowo anavula chipewa, n'kusisita nsanamira imodzi kwa kanthawi. Ndinawapempha kuti tingozungulira, akaonebe mkatimo.

"Ayi, amayi, kumbuyoko ndikudziwako bwino," anatero motsitsa mawu. "Tiyeni tikakwere minibasi."