Ng'ala inabisala m'zikuto zanga

Chizindikiro choyamba chinaoneka mu Malichi chaka chatha, ndipo sichinali ululu. Anali madandaulo a kasitomala.

Ndimakhala ku Cassacatiza, katauni ka pa malire, komwe ndili ndi kashopu ka fotokope. Koma ntchito imene imadyetsa banja langa ndi ina. Ndimajambula pa kompyuta zikuto za magazini ina ya ku Lusaka, ya nthano za m'mlengalenga: maroketi onga zitsononkho, anthu ovala zisoti zagalasi, mapulaneti okhala ndi mikombero. Mkonzi wake amafuna zizioneka ngati zinasindikizidwa kalekale. Choncho ndikamaliza kujambula ndimazikalambitsa dala. Ndimachepetsa kufiira, kuthira chikasu, n'kuwaza timadontho kuti zikhale ngati pepala lokhalitsa m'sutikesi.

Mu Malichi muja mkonzi anabweza chikuto, nati mitundu ikuthobwa m'maso. Ndinapsa mtima, chifukwa kwa ine chinali chosuluka bwino lomwe. Mu Epulo anabwezanso china. Apo n'kuti kunja konse ndikukuona ngati zikuto zangazo: malole a pa malire achikasu, nkhope za anthu ngati zili m'chifunga. Ndinkati maso angozolowera, poti tsiku lonse ndimayang'ana zinthu zosuluka. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi ndinkanamizira kutentha, kuwonda ndinkati ndi ntchito.

Akazi anga, mayi a Rosita, ananena za chipatala mpaka kutopa, ine osamva. Mu Julayi mkonzi anandiuza kuti chikuto chikabwereranso apeza wojambula wina. Sabata yomweyo ndinalephera kuwerenga uthenga pa foni yanga. Ndinachita mantha kwambiri.

Ku chipatala chathu chaching'ono namwino anandibaya chala, nayang'ana kamakina kake. "Bambo, shuga wanu wakwera kwambiri, ndipo sanayambe dzulo," anatero. Anandilembera giya, pepala lotumizira odwala, kuti ndipite ku chipatala chachikulu ku Tete.

Kumeneko tinkalawirira pa benchi. Ankatidonthezera mankhwala m'maso, n'kutiuza tidikire kuti agwire ntchito. Anzanga pamzerewo ambiri anali okalamba, ndipo mayi wina anandifunsa kuti ndaperekeza ndani. Adotolo anapeza ng'ala m'maso onse awiri, yobwera ndi shuga. Anati sangachite opaleshoni shugayo asanatsike.

Ndinabwerera kwathu ndi mapiritsi. Mkonzi ndinamuuza zonse, ndipo anati ayamba wapereka ntchito kwa wina, za ine tidzaona ndikachira. Mawu akuti "tidzaona" sanandigonetse tulo. Miyezi yotsatira inali ya tiyi wopanda shuga, mayi a Rosita akulondera mbale yanga ngati apolisi a pa malire.

Mu Okutobala, shuga atatsika, anandichita opaleshoni ya diso lamanja. Atachotsa bandeji m'mawa mwake, ndinaona yunifolomu ya namwino ili mbee, kuyera komwe ndinali nditaiwala. Nditafika kwathu ndinatsegula zikuto zokanidwa zija. Zinali zofiira psuu, zowala ngati chitenje chatsopano. Maso anga ndi amene ankazikalambitsa, ine n'kumangowonjezera utoto. Mkonzi sankanama.

Diso lamanzere anachita mu Disembala, koma kuona sikunabwerere. Adotolo anati, "Ng'ala tachotsa, koma shuga anali atawononga kale kuseri kwa diso. Mukanabwera msanga tikanapulumutsa zambiri."

Pano ndili bwino. Ndimamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo shuga ndimakayezetsa pa nthawi yake. Ntchito anandibwezera nditatumiza chikuto choyesera, ngakhale ndimajambula pang'onopang'ono ndipo ndimapumula pafupipafupi.

Inu amene mumakhalira kuyang'ana kompyuta kapena foni, maso akasintha musadzipezere nokha chifukwa. Anthu awiri akakuuzani kuti chinthu sichikuoneka monga mukuchionera, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ine ndinadikira miyezi yambiri chifukwa sindinkamva kupweteka. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mwana wanga akaima kumanzere kwanga ndimamudziwa ndi mawu okha.