Kamwala Koyera ka Ada

Mdzukulu wanga watambasula mapu a kusukulu pamkeka, ndipo mtima wanga wabwerera ku Chintheche, ndili kamtsikana kogweruka mano.

Tsiku lina sitima inatsitsa mzungu wofiira khosi. Anayala chipepala pamsana pa bwato logadabuzidwa, n'kuikapo timiyala. Womasulira wake ankaloza: "Ili ndi linga la Aluya ogula akapolo ku Karonga. Awa ndi Apwitikizi, akufuna kum'mwera. Awa Ajeremani. Mfumukazi ya azungu ikukambirana nawo." Kenako mzunguyo anaika kamwala koyera, womasulira uja n'kupitiriza: "Aka ndi inu, amuna a kuno. Tikufuna mukatithandize kumenyana ndi Aluyawo."

Amalume anakalipa. "Mukapita kumpoto, Angoni akatsika m'mapiri adzapeza ndani?"

Ada, bambo anga, anangoti, "Tikakana, mfuti tidzazitenga kuti?"

Ine mutu unabalalika. Nyanja yonse ingakwane bwanji pachipepala? Ada alowa bwanji m'kamwala? Akuluakuluwo ali mkati mokangana, ndinatola kamwala koyerako n'kukakaponya mumtsuko wa chinangwa choviika, m'madzi onunkha aja. Ndinati basi, Ada sapitanso.

M'mawa mwake Ada anakwera sitima. Ndinathamangira kwa Ama, mayi anga, ndikulira, "Komatu ndawabisa mumtsuko!" Ama anandigwira pachipumi, kuyesa ndi malungo.

Amuna ena anabwerako ndi mfuti, koma Ada ayi. Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti anasochera chifukwa ndinawachotsa pamalo pawo. Ndinali nditabereka kale ana pomwe ndinazindikira kuti eni nkhondoyo ankakhala kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo dzina la Ada sanalimvepo n'kamodzi komwe.