Mikono Iwiri Imene Alamu Anga Anakana Kujambula

Mkazi wa mng'ono wanga, amene anzawo a kuntchito ankawatcha a Madontho, anali wojambula pamanja ku nyumba yosungira zamoyo za m'nyanja yamchere. Dzinalo linadza chifukwa cha kajambulidwe kawo. Sankapaka mthunzi ndi pensulo, koma ankadontheza inki pang'onopang'ono kufikira khungu la nyama litaoneka ngati lonyowa. Chipinda chawo chinali chapansi, cha zenera limodzi, ndipo fungo la mankhwala osungira nyama zakufa linkafika nawo kunyumba m'tsitsi.

Moyo wawo wonse anajambula nyama zimene ena anazijambula kale. Khumbo lawo linali limodzi: kuti dzina lawo lidzakhale pansi pa chithunzi choyamba cha nyama imene akatswiri sanailembepo. Mwayiwo unabwera atatsala pang'ono kupuma pantchito. Anawapatsa botolo lokhala ndi sikwidi, nyama yofewa yopanda mafupa, ya pansi pa nyanja pamene kuwala sikufika.

Ndinaiona ndi maso anga tsiku lina nditapita kukawachezera. Inali ngati chikhatho changa kutalika kwake, thupi longa thumba, zipsepse ziwiri kumchira, ndi maso aakulu kuposa msinkhu wake. Pakati pa mikono panabisala mlomo wolimba wonga wa chinkhwe.

"Werengani mikonoyo, alamu," anatero.

Ndinapeza isanu ndi itatu.

"Imayenera kukhala khumi. Iwiri yaitali yogwirira chakudya inadukira mu ukonde. Onani zitsa zake."

Anandifotokozera kuti kunsonga kwa mikono iwiriyo ndiko kumathandiza kudziwa banja la sikwidi. Mabanja ena kunsongako ali ndi timbedza, ena ali ndi tinthu tomata tonga timbale. Iyi inali yokhayo imene inagwidwapo, ndipo inafika yopanda umboni umenewo.

Mkulu wa ofufuza, bambo waulemu amene sindingamunenere choipa, ankalemba buku. Atayeza mlomo, zipsepse ndi maso, anakhutira kuti nyamayo ndi ya banja la timbedza. Choncho anabweretsa botolo lachiwiri, la sikwidi yachibale imene inali yathunthu.

"Mayi, tengerani mikono ya iyi muike pa inayo. Anthu aione monga inalili ili moyo."

"Bwana, munaiona ili moyo?"

"Sindinaione, koma zina zonse zikugwirizana."

"Lembani zimenezo m'mawu anu, pakuti mawu amatha kunena kuti mwina. Chithunzi sichidziwa mwina. Wochiona adzalumbira kuti ine ndinaona timbedza."

"Mukakana, ndipereka ntchitoyi kwa wina, ndipo dzina lanu silidzaonekamo."

"Ndamva, bwana. Mundilole ndimalize zimene zili m'botolomo."

Nkhaniyo inafika patebulo la chakudya Lamlungu, ine ndilipo. Mng'ono wanga, munthu wadazi ndi wanthabwala, anayesa kuwafewetsa.

"Mayi, ndani adzatsike pansi pa nyanja kukafunsa? Ine pa chithunzi chathu cha ukwati anandiwonjezera tsitsi. Alipo anafa?"

"Palibe, bambo. Koma mlendo aliyense amandifunsa kuti mwamuna wanga woyamba anapita kuti."

"Achimwene, tawalankhulani alamu anuwa. Adikira zaka zonsezi, lero akukana chifukwa cha timikono ta nyama yakufa!"

Ndinayesa mwaulemu. Ndinati mwina mkuluyo akulondola.

"Mwina akulondoladi, alamu," anayankha. "Ine sindikutsutsana ndi nzeru zake. Ndikukana kubwereketsa dzanja langa kuti likachitire umboni chinthu chimene diso langa silinaone."

Anamaliza chithunzi chawo. Anaonetsa mlomo pawokha, diso palokha, ndi mzere uliwonse wa timbale tomata ta pa mikono isanu ndi itatu. Pa zitsa ziwiri zija anajambula ngakhale ulusi wa mnofu wong'ambika, nasiya pepala loyera kutsogolo kwake. Mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali, nachiyamikira, nachibweza.

Bukulo linatuluka ndi chithunzi cha munthu wina, cha mikono khumi ndi timbedza tokongola. Kaya timbedzato tilikodi pansi pa nyanja, ine sindidziwa, ndipo kufikira lero palibe amene wagwira ina. Alamu anga anapuma pantchito dzina lawo lisanalowe m'buku lililonse monga ankafunira. Zinawapweteka, ndipo sanabise.

Chithunzi chawo chili pakhoma la pabalaza, pambali pa cha ukwati chija. Mlendo wina posachedwapa anafunsa chifukwa chake sanachimalize.

"Ndinamaliza," anatero. "Akadzagwira yathunthu adzandiitane. Inki ndikadali nayo."